Mapira Ofiira a Mumtsuko

Mkazi wanga anamwalira mvula isanayambe, ndipo chaka chotsatira tinagwirizana zoika mwala pamanda pake. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 80. Tinkakhala m'komboni ya mgodi wina kunja kwa tawuni ya Bindura, m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo ine ndinkayang'anira mapampu a madzi pansi pa mgodi. Mwambowo tinauika kumapeto kwa Okutobala, chifukwa anzathu Achishona sachita mwambo uliwonse mu Novembala, ndipo ambiri mwa anthu amene tinkafuna kuwaitana anali iwowo.

Pa mwambo wotere pamafunika mowa. Mpingo wathu suletsa mowa, umaletsa kuledzera, ndipo bambo mfumu amene ankabwera kudzadalitsa manda sankakana chipanda chimodzi akamaliza mapemphero. Vuto linali lakuti munthu amene ankafululira anthu a kwathu m'komboni monse ndi yemweyo amene tinkakamuikira mwala. Pa ukwati, pa ubatizo, anthu ankabwera kudzagwada pakhomo pathu kupempha mkazi wanga. Iye sankathira shuga kapena yisiti. Mowa wake unali wa ufa wa chimanga, chimera cha mapira ndi madzi, basi. Mapirawo ankalima yekha pa kamunda kuseri kwa mulu wa miyala ya mumgodi. Anali ofiira kwambiri, a mtundu umene mayi ake anabwera nawo kuchokera ku Ntcheu atamanga pansonga ya nsalu. Amayi ena onse anali atasiya mapira n'kutengeka ndi chimanga, poti chimanga sichifuna munthu woimirira m'munda kuingitsa mbalame.

Thumba la mapira a chaka chake chomaliza linathera pa maliro. Munda sindinaulime chaka chimenecho. Chimene chinatsala ndi mtsuko umodzi pansi pa bedi, womata pakamwa ndi dothi, umene ndinkaugunda ndi tsache ndikamasesa. Ndinatsimikiza mumtima kuti anthu odzaona mwala wake amwe mowa wa mapira amenewo. Ndinkadziwanso kuti ndikawawononga, kulibe kwina kokawatenga.

Ine kufulula kwenikweni sindinkakudziwa. Ndili mnyamata ku Shamva, tinkapanga mowa wa tsiku limodzi m'chitini: shuga, yisiti, nyenyeswa za buledi ndi chimera cha m'paketi chogula kusitolo. Tinkausakaniza m'mawa, madzulo tamwa, m'mawa mwake mutu ngati wagundidwa ndi ngolo. Nditakwatira ndinasiya zimenezo. Mkazi wanga akamafulula, ntchito yanga inali kubweretsa nkhuni n'kuchoka. Ndinkaona utsi popita ku shifiti, pobwera n'kupeza mbiya zovundikira pakona. Zapakatipo sindinaziyang'anitsitsepo. Za kumunda ndiye ayi ndithu. Ndinabadwira m'komboni, ndinakulira ufa ndi nyemba zimene bambo anga ankalandira ku mgodi kumapeto kwa sabata, ndipo khasu ndinkaligwira pokumba manda basi.

Mwana wanga wamkazi, amene ankagwira ntchito ku Harare, atabwera kudzakambirana za mwalawo anandiuza m'Chishona chake kuti ndisadzivutitse, tikangogula mowa ku bawa monga amachitira aliyense. Sananame. Ndinamuyankha kuti ndamva, iye n'kuzindikira kuti sindinavomere.

Munthu woti n'kundithandiza anali mmodzi, alamu anga, akulu ake a mkazi wanga. Ankachita lendi chipinda ku Chipadze, m'tawuni ya Bindura momwemo, ndipo ankagulitsa tomato ndi matemba pamsika. Ali atsikana ankafulula limodzi ndi mng'ono wawoyo, koma iwo anadzalowa mpingo wa zovala zoyera, wopemphera pansi pa mitengo, umene salola munthu ngakhale kunyamula chigubu cha mowa. Ndinapita tsiku langa lopuma, ndinawapatsa moni, ndipo ndinafotokoza chimene ndinadzera.

"Alamu, mwayenda ulendo wonsewu kudzandichimwitsa?"

"Ndabwera kudzafunsa chabe."

"Ine za mowa ndinasiya. Sindigwira, sindinunkhiza, sindiphunzitsa."

Sindinaumirire. Ndinakhala pa kabokosi pambali pawo n'kuyamba kuwathandiza kuunjika tomato. Anandidzudzula kuti ndikuika aakulu pansi pomwe ogula amaona pamwamba. Anagulitsa matemba kwa mayi wina, anamwa madzi, anafunsa za mwana wanga. Kenako, akuyang'ana kumsewu osati kwa ine, anayamba kusimba mmene anthu a m'dziko, osatembenuka mtima, ankachitira kale, iwo asanaone kuwala.

Anthu a m'dziko, anatero, ankayamba ndi kuviika mapira m'madzi mpaka atafufuma, osati mpaka anunkhe. Ankawatsanula n'kuwayala pachiguduli chonyowa pamalo opanda dzuwa, n'kuvundikira ndi chiguduli china. Ankawaza madzi ndi zala, osathira ngati akusambitsa mwana. Mizu ikatuluka n'kuyamba kulukana, ankayanika padzuwa mpaka njere ikamathetheka pa dzino, kenako n'kukagayitsa. Tsiku lofulula ankaphika phala lamadzimadzi m'diramu, ankalisiya kuti lizizire mpaka chala chikhoze kukhalamo osathawa, ndipo pamenepo m'pamene ankathira chimera choyamba. Likasasa ankaliwiritsanso nthawi yaitali, likazizira n'kuthira chimera chachiwiri m'mbiya. Anandiuzanso kuti anthu oipawo sankatsuka kwambiri mbiya zakale, chifukwa mphamvu ya mowa watsopano imachokera m'zotsalira za wakale.

Ndinafunsa ngati panalinso china chimene anthu a m'dzikowo ankasamala.

"Ankati wofulula mowa wa maliro akhale wozizira, wosagona ndi munthu. Pamenepo inu mwakhoza kale, alamu, pokhapokha ngati pali zimene sitikuzidziwa."

Mayi wa pa benchi yoyandikana, amene ndinkaganiza kuti samva Chichewa, anaseka mpaka kugwetsa mbale ya nyemba. Ine ndinati palibe chobisika, ndipo ndinagula matemba kuti ndichoke bwino. Za mapira sanandifunse kuti ndiwatenga kuti, ndipo ine sindinanene. Si kuti ndinkabisa. Ndine munthu woyankha zimene ndafunsidwa.

Masabata otsatira ndinawathera posonkhanitsa ziwiya. Diramu la mkazi wanga ndinalipeza litabooka pansi, poti ndinalisiya panja dzinja lonse madzi a mvula ali momwemo. Madiramu ku mgodi analipo ambiri, ndipo anthu ankawatenga n'kumasungiramo madzi, koma mkazi wanga sankalola diramu la ku mgodi kufika pafupi ndi chakudya, chifukwa palibe ankadziwa kuti munali mankhwala anji. Mnzanga wina wa ku Tete, amene tinkatsika naye pansi shifiti imodzi, anali ndi mphwake wogwira ntchito kophikira buledi m'tawuni. Kumeneko anandipezera diramu limene munali mafuta ophikira. Tinabwera nalo pa njinga, iye akukankha ine nditagwirira, ana a m'komboni akutitsatira n'kumaliomba ndi timitengo. Tinalidula pamwamba ndi tchizulo, tinapinda m'mphepete kuti lisacheke manja, tinatenthamo udzu, kenako ndinalikwecha ndi mchenga ndi madzi otentha mpaka chala chikamadutsa osaterera.

Mnzangayo ntchito ankaigwira, koma pakamwa sankapumitsa. Ankati sanaonepo mwamuna wamkulu, woimba nawo kwaya ya m'tchalitchi, akulowa m'diramu mpaka m'chiuno matako ali kumwamba. Anandifunsa ngati tsiku lofulula ndidzavale chitenje. Analonjezanso kuti ndikadzangotembenuka adzathiramo shuga, chifukwa iye sankafuna kuyenda mpaka kumanda n'kukamwa phala.

"Achimwene, mukathira shuga mudzamwa nokha diramu lonse," ndinatero.

"Ndiye mwandiopseza kapena mwandiitana?"

Nkhuni ndinakazitenga ku famu ina kumene ankagwetsa mitengo kuti akuze munda wa fodya. Kapitawo wa kumeneko anali wa kwathu, ndipo atamva kuti n'za mwala wa mayi uja wofulula, anandisankhira yekha zikuni zouma. Ndinazituta pa njinga pang'onopang'ono ndikaweruka, mpaka mulu unafika pa zenera. Mbiya za mkazi wanga zinasweka pa chipwirikiti cha maliro, choncho ziwiri ndinabwereka kwa amayi a mu mphakati wathu, ndipo nditawapempha kuti asazitsuke anayang'anana n'kufunsa kuti wandiuza ndani. Mthiko wautali ndinaupeza pamene mkazi wanga ankausomeka, kudenga la kakhitchini ka panja. Unali wodyeka mbali imodzi. Nditaugwira ndinaona kuti sukundikhala bwino m'manja, mpaka ndinakumbukira kuti mwini wake anali wamanzere. Ndinayesa kutakasa m'diramu lopanda kanthu ndi dzanja lamanzere, ndinalephera, ndipo ndinaseka ndekha.

Masiku amenewo ndinkagona bwino kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo. Chichokereni mkazi wanga, ndikaweruka ndinkangofika, kuphika, kudya, kupemphera. Tsopano ndinkatuluka m'chikepe cha mgodi ndikudziwa chimene chikundidikira kunyumba. Anthu odutsa ankaima pa mpanda kufunsa kuti zafika pati, ena ndi malangizo awo otsutsana, ndipo ine ndinkawathokoza onse.

Mtsuko ndinautulutsa m'mawa wa tsiku lopuma, nditabwera ku Misa. Unali wolemera. Ndinagogoda dothi la pakamwa ndi mpeni mpaka linasweka, pansi pake panali kansalu, ndipo nditachotsa kansaluko ndinaona zotuwa zokhazokha. Ndinayesa kuti anankafumbwe amaliza zonse. Nditapisa dzanja ndinapeza njere zili zolimba, zosabooka, koma zosakanizika ndi phulusa lambiri. Ndinadabwa, chifukwa mkazi wanga anali munthu waukhondo. Ndinaganiza kuti mwina pokolola anali atayamba kale kudwala, n'kupunthira mapira pafupi ndi moto osakhalanso ndi mphamvu zopeta. Ndinamumvera chisoni. Ndinatenga lichero n'kupeta mmene ndikanathera, phulusa lambiri likugwera pa malaya anga a ku tchalitchi, kenako ndinatsuka mapirawo mobwereza mpaka madzi anayera. Atayera anali ofiira ngati dothi la katondo mvula itangogwa. Anakwana theka la ndowa. Ndinawaviika onse.

Atafufuma ndinawayala pachiguduli pakona ya chipinda chochezera, pamene mkazi wanga ankaika mbiya zake. Ndinkawaza madzi popita ku ntchito ndi pobwera. Ndinkawatchulanso m'pemphero, mwachidule, ndikuchita manyazi pang'ono kuti ndikuvutitsa Mulungu ndi za mowa. Mantha anga anali akuti akhalitsa ndipo samera. Koma tsiku lina nditavundukula ndinamva kafungo konga ka udzu wonyowa, ndipo njere iliyonse inali ndi kansonga koyera. Ndinagwada pomwepo nthawi ndithu ndikungoyang'ana. Panalibe ndi imodzi yomwe yogona.

Madzulo a tsiku lomwelo alamu anga anatulukira. Anati abwera kudzakambirana za nsalu yophimbira mwala, koma za nsaluyo tinali titamaliza kale. Anakana kulowa. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo, n'kunena kuti m'nyumba mukununkha uchimo. Kenako anati ngati ndikufuna kuvundukula chiguduli chija ndi nyumba yanga, iwo sangandiletse. Ndinavundukula. Anasuzumira, anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo ndinaona kuti akufuna kunena chinachake chondinyoza mokoma. Koma anasuzumiranso, n'kulowa mpaka pakona osavula nsapato.

"Mapira awa mwagula kuti?"

Ndinawauza kuti sindinagule, ndi a mng'ono wawo, anali mumtsuko pansi pa bedi. Anafunsa ngati mtsukowo unali womata. Ndinati inde. Anafunsa ngati munali phulusa. Ndinati munali lambiri, koma asadandaule, ndatsuka lonse.

Anakhala pansi, pa simenti, osadikira mpando. Sanakweze mawu.

"Alamu, mwaviika mbewu."

Ndinafunsa kuti adziwa bwanji. Anandifotokozera ngati akufotokozera mwana: mapira odya amakhala m'thumba, a mbewu amasankhidwa ngala zazikulu m'munda, amasakanizidwa ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, n'kumatidwa mumtsuko. Mayi awo ankasunga yochuluka, yokwana kubzala kawiri, kuopa kuti mvula yoyamba inganame, ndipo mng'ono wawo anatengera zomwezo. Anafunsa ngati ndasiyako ngakhale kadzanja kamodzi kouma. Ndinati ayi. Anafunsa ngati mumtsukomo simunatsalire. Tinauzondotsa, munagwa phulusa ndi njere zochepa zoti nkhuku ikanatola osakhuta.

Ndinayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanalandira. Koma iwo anayamba kudzidzudzula okha kuti anandiuza zonse za anthu a m'dziko osafunsa funso limodzi lofunika. Anati iwo anaganiza kuti mbewuyo inatayika pa maliro, pamene nyumba inadzaza anthu, ndipo ankaopa kundifunsa kuti angandikumbutse zowawa. Ine ndinati sindinkadziwa kuti phulusa lili ndi ntchito yotere. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndi zoona, munthu wobadwira pa mzere wolandirira ufa ku mgodi angadziwire kuti.

Ndinafunsa ngati tingawaumitsenso n'kuwabwezera mumtsuko. Anati njere ikadzuka sigonanso. Ukaiumitsa yafa, yasanduka chimera. Anatola njere imodzi n'kuiyang'anitsitsa pa kuwala kwa pakhomo. Anati nsonga zikadali zazifupi. Zikanakhala kuti zalukana kale bwenzi nkhani itatha, koma mmene zinalilimu zikhoza kulowa m'dothi, malinga zilowe tsiku lomwelo. Mvula inali isanagwe, kumunda kunali fumbi lokhalokha, choncho anati tifese nazale pafupi ndi mpopi, monga amachitira ndi fodya ku mafamu, tidzawokere mvula ikabwera. Sanalonjeze kuti zitheka. Anati sanayesepo ndi njere zomera kale.

Pamenepo anakwinya manja a malaya n'kupisa manja onse awiri m'mapira aja. Ndinawakumbutsa kuti iwo sagwira.

"Ichi si chimera, ndi mbewu ya amayi anga. Bweretsani beseni."

Anayamba kutapa, ndipo ndinaona kuti akufuna kutapa onse. Apa ndinalankhula. Ndinati mbewu ndaimva, ndipo ipite m'dothi yokwanira, koma ndinalonjeza mumtima kuti anthu adzamwa mowa wa mapira amenewa pa mwala wa mng'ono wawo, ndipo sindikufuna kubweza lonjezolo. Iwo anati mowa umamwedwa tsiku limodzi n'kukatayidwa kuseri kwa nyumba. Ine ndinati ndi zoona, komabe. Anati pamsika pali mapira a Achishona, amene iwo amati mapfunde, ndikhoza kugula thumba lonse. Ndinati amenewo si ake. Ndinawafunsa kuti kamunda kaja kamafuna mbande zochuluka bwanji, ndipo atawerengera m'mutu anavomera monyinyirika kuti sikafuna theka la ndowa. Anatapa zimene anati n'zokwanira, anawonjezera za mbalame, anawonjezeranso zina zimene anati n'za umbuli wanga. Zotsala pachiguduli zinali zochulukirapo pang'ono kuposa zimene anatenga. Anavundikira okha, kenako anapukuta manja pa chitenje ngati agwira chonyansa.

Kuseri kwa nyumba kunali kadimba kamene mkazi wanga ankabzalapo mpiru, pafupi ndi ngalande yochokera ku mpopi. Ndinatipula ndi khasu iwo akundiuza kuti ndisakumbe ngati ndikuika munthu. Tinathira manyowa a nkhuku, tinanyowetsa dothi, ndipo iwo anafesa m'timizere ndi zala, mosamala kuti nsonga zisathyoke, n'kukwirira pang'ono. Pamwamba tinayala udzu wouma. Mnzanga wa ku Tete anatipeza tili pa ntchitoyo, ndipo atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutsamira mpanda. Anati wamvapo za anthu omwa mbewu chifukwa cha ludzu, koma sanamvepo za munthu woichapa kaye ndi manja ake. Atatha kuseka anapita kwawo n'kubwera ndi waya wa nkhuku, ndipo tinatchinga kadimbako dzuwa lisanalowe. Alamu anga ndinawaperekeza kokwerera basi. Panjira anandiuza kuti ndizithirira m'mawa ndi madzulo ndi chitini chobooledwa, osati ndi ndowa, ndipo akadzapeza zitauma ndidzawadziwa.

Tsopano ndinali ndi ntchito ziwiri, chiguduli m'nyumba ndi nazale panja. Za m'nyumba zinayenda bwino. Mizu inatalika n'kulukana mpaka ndikanyamula pakona chinthu chonse chinkadzuka ngati mphasa. Ndinachimwaza, ndinayanika pa malata akale padzuwa la Okutobala, ndikukhala pambali ndi kamtengo kuingitsa nkhuku za aneba. Chitauma ndinaluma njere imodzi, inathetheka, ndipo inali yotsekemera pang'ono. Ku chigayo mnyamata wogayitsa anafuna kuthira chimera changa pambuyo pa chimanga cha anthu ena, koma ndinamupempha kuti ayambe wagwedeza makina kuti ufa wa eni usalowemo, ndipo ndinadikira mpaka onse atatha. Ndinabwera ndi kathumba kofiirira kopepuka, konyamula ndi dzanja limodzi.

Za panja ndi zimene zinandidetsa nkhawa. Ndinkasuzumira pansi pa udzu osaona kanthu, dothi lokha. Dzuwa linkawotcha moti pofika masana pamwamba pankauma gwa. Ndili pansi pa mgodi, pakati pa madzi ochuluka amene ndinkawapopera kunja tsiku lonse, ndinkaganiza za kadimba kouma kaja. Ndinapempha mayi wa nyumba yoyandikana kuti aziwazako masana ndikakhala ku ntchito, ndipo anavomera. Ndinkadzifunsa ngati sindinalakwe kusiya zambiri pachiguduli, chifukwa zikanafa za m'dothizo, mapira a mtundu umenewo akanathera m'mbiya zanga.

Nditaonetsa kathumba ka chimera kwa amayi a mu mphakati, anandiuza mosabisa kuti sikangakwane diramu lonse. Mnzanga anati apa ndiye shuga wafika pake. Ena anati ndigule chimera cha pamsika ndisakanize, palibe adzadziwe. Ndinaganizira, ndipo ndinasankha kuchepetsa madzi ndi ufa kuti ndifulule theka la diramu. Mwana wanga ndinamutumizira uthenga kuti mowa wa ku bawa uja agule ndithu, wa anthu ofuna kukhuta. Wa mayi ake udzakhala wolawa, chipanda chimodzi kuzungulira. Mbiya imodzi ndinakabweza.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndiyatse moto, ndinakonza zonse. Ndinaika mafuwa atatu a miyala ya mumgodi, ndinakhazikapo diramu n'kuligwedeza kuona ngati lakhazikika. Ndinatunga madzi n'kudzaza ziwiya zonse za m'nyumba, chifukwa mpopi wa m'komboni unkatha kuuma osatsanzika. Ufa wa mgaiwa ndinauika pa mpando, chimera ndinachigawa pawiri, cha phala loyamba ndi cha m'mbiya, thumba losefera ndinalichapa n'kuliyanika pa waya. Ndinabwereza m'mutu zonse za anthu a m'dziko, kuyambira pa chala chosathawa. Nditamaliza ndinatenga chitini kupita kukathirira.

Udzu wa pa nazale unali utatukuka pang'ono. Nditaukweza ndinapeza timasamba tobiriwira, tosongoka ngati singano, m'mizere yonse kupatula umodzi wa kumapeto umene dzuwa linkayamba kuwomba. Ndinachotsa udzuwo pang'onopang'ono kuti tisathyoke. Ndinaitana mayi wa nyumba yoyandikana kuti adzaone, iye anaitana ena, ndipo posakhalitsa pa waya panali amayi angapo akukangana m'zilankhulo ziwiri ngati ndiyenera kuika mthunzi kapena ayi.

M'mawa mwake alamu anga anafika ndi basi yoyamba. Sanayang'ane diramu. Anapita kuseri, anakhalako nthawi, ndipo pobwera anati ndafesa mothithikana, ngakhale wofesayo anali iwo eni. Anakhala pa mpando patali ndi moto, chakumphepo kuti utsi usawafike, n'kutulutsa nsalu yosoka. Ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndinayatsa moto. Madzi atayamba kutentha ndinathira ufa ndikutakasa ndi mthiko wokhota uja, ndipo iwo, maso ali pa singano, anauza nkhuku imene inkadutsa kuti anthu ena akapanda kufikitsa mthiko pansi adzamwetsa alendo zopserera.

Mowawo unapsa pa nthawi yake, tsiku loika mwala litafika. Unali wowawasa kuposa wa mkazi wanga, ndipo amayi achikulire anandiuza zimenezo pamaso, koma chipanda chinazungulira ndipo aliyense amene ankamudziwa analawa. Mvula inachedwa chaka chimenecho. Mbande zinatalika mpaka ndinazidula nsonga monga anandiuzira alamu, ndikuthirira ndi chitini mpaka Novembala anapita ndithu. Itagwa mvula yeniyeni ndinapempha tsiku ku ntchito, ndipo tinanyamula mbande m'mabeseni kupita ku kamunda kaja, iwo patsogolo ine pambuyo. Zina zinafota n'kufa sabata yomweyo. Zambiri zinagwira. Mapira atayamba kufiira, mwezi wonse ndinkati ndikaweruka n'kulunjika kumunda ndi chitini cha miyala, ndisanavule n'komwe nsapato za ku mgodi, kukaingitsa mbalame.